Siginecha imodzi, mlandu watha: mwamene akulu-akulu a ku America apulumukila jele

Amai na atate a mu msika, akulu anga a pa Soweto, City Market, Kamwala, Kapata ku Chipata, na imwe monse amene muwelenga pa foni uku muyembekeza kasitoma, lelo nifuna tikambilane za ku America. Mu msika mwathu muli magulu awili. Ena akamba ati Trump ndiye mwamuna, sayopa munthu, abwela kudzasesa akawalala mu boma. Ena ati iyai, Biden na chipani chake ndiwo anali anthu a ulemu osunga malamulo. Ine nikangana na magulu onse awili, ndipo nkhani yanga ni ya mphamvu imodzi chabe: ija ya pulezidenti wa America yokhululukila munthu amene khoti yamupeza na mlandu.

Tiyambile pa Paul Walczak wa ku Florida. Uyu anali na makampani osamalila okalamba na odwala. Mwezi na mwezi anali kudula msonkho pa malipilo a manesi na anchito ena, monga mwamene abwana kuno adulila PAYE na NAPSA. Koma ndalama zija sanali kupeleka ku boma. Zonse pamodzi zinapitilila madola 10 miliyoni, ndipo zina anagulila boti la chisangalalo la madola 2 miliyoni. Anavomela yekha mlandu mu khoti. Mu April 2025 jaji anamulamula kukhala mu jele miyezi 18 na kubweza madola opitilila 4 miliyoni. Masabata awili asanakwane, Trump anasaina chikhululukilo. Jele yafafanizika, na ndalama zobweza zafafanizika.

Manje mvelani ichi. Nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti masabata ochepa chikhululukilo chisanabwele, amai ake a Walczak anapezeka pa chakudya cha madzulo ku Mar-a-Lago, nyumba ya Trump, kumene mpando umodzi unali madola 1 miliyoni. A ku White House anayankha kuti munthuyu anali kuvutitsidwa na boma la Biden chifukwa cha ndale za banja lake. Koma anavomela yekha mlandu, ndipo ndalama zinadulidwa zoona pa malipilo a anthu. Imwe amene muyendetsa chilimba, ganizilani msungichuma wadya ndalama za gulu, wavomela pamaso pa onse, ndiye tcheyamani auka ati basi mulekeni, asabweze olo ngwee, chifukwa amai ake anabwela ku phwando langa. Tcheyamani wotele angafike Chisanu ali pa mpando?

Mphamvu iyi ili mu malamulo aakulu a America kuchokela 1787. Pulezidenti angakhululukile aliyense amene walakwila malamulo a boma lalikulu la dziko lonse. Safunika chilolezo cha nyumba ya malamulo, safunika kufotokoza chifukwa, ndipo khoti singabweze zimene wasaina. Malile ni awili chabe: sangakhululukile milandu ya m'maboma ang'ono monga New York olo Georgia, ndipo sangaletse nyumba ya malamulo kuchotsa munthu pa udindo. Pamene anali kukambilana malamulo aya, mkulu wina wa ku Virginia, George Mason, anachenjeza mu 1788 kuti tsiku lina pulezidenti adzakhululukila anthu pa milandu imene iye mwini anawatuma. James Madison anamuyankha kuti wochita zimenezo nyumba ya malamulo idzamuchotsa pa mpando. Papita zaka zopitilila 230, ndipo palibe pulezidenti olo mmodzi amene Senate inamuchotsa pa mpando.

Ku unduna wa zachilungamo kuli ofesi imene inapangidwila nchito iyi. Munthu wamba afunika kudikila zaka zisanu atatuluka mu jele, alembe mafomu, afufuzidwe, aonetse kuti anasintha. Anthu masauzande ali pa mzele umenewo. Koma pulezidenti samangidwa na ofesi ija, ndiye amene adziwa chitseko cha kumbuyo sayima pa mzele.

Imwe a gulu la Biden, musayambe kuseka. Bwelani kuno.

Joe Biden anakamba kangapo, na omuyankhulila anabweleza, kuti sadzakhululukila mwana wake Hunter. Mu June 2024 khoti inapeza Hunter na mlandu wogula mfuti monama, ndipo mu September anavomela milandu ya msonkho wa madola 1.4 miliyoni. Masankho atapita, pa 1 December 2024, atate ake anasaina. Ndipo sanakhululuke milandu iwili ija chabe: pepala linaphimba mlandu ulionse wa boma lalikulu umene Hunter angakhale anachita kuyambila 1 January 2014 kufika tsiku limenelo. Pafupifupi zaka 11, za milandu yodziwika na yosadziwika. Pa 20 January 2025, maminitsi ochepa asanachoke pa mpando, anakhululukilanso abale ake James na Francis, mlongo wake Valerie, na a m'banja ena, anthu amene sanali pa mlandu ulionse mu khoti. Ati anali kuopa kuti Trump adzawasaka. Mwina mantha anali oona. Koma amene anabwela pambuyo pake anapeza njila yolambulidwa kale, ndipo nthawi iliyonse akafunsidwa, yankho ni yakuti nanga Biden?

Chimene chinanikwiyitsa kwambili mu za Biden ni nkhani ya Michael Conahan. Uyu anali jaji ku Pennsylvania. Iye na jaji mnzake Mark Ciavarella analandila madola 2.8 miliyoni kuchokela kwa anthu omanga na kuyendetsa majele a ana, ndipo ana anali kutumizidwa kumeneko pa tumilandu tung'ono-tung'ono. Conahan anapatsidwa zaka 17 na hafu. Mu December 2024 Biden anafupikitsa zilango za anthu pafupifupi 1,500 pa tsiku limodzi, amene anali kumalizila zilango zawo ku nyumba chifukwa cha Covid, ndipo dzina la Conahan linali pakati pawo. Amai, mwana wanu atsekeledwe kuti jaji adye, ndiye mumve pa wailesi kuti jaji uja chilango chake chatha chifukwa dzina lake linagwela mu mtolo umodzi na ena. Olo bwanamkubwa wa Pennsylvania, wa chipani chimodzi na Biden, anakamba poyela kuti apa analakwitsa.

Matenda aya ni akale. Richard Nixon anatula pansi udindo pa 9 August 1974 chifukwa cha nkhani ya Watergate, ndipo patapita mwezi umodzi Gerald Ford, amene Nixon yemweyo anamusankha kukhala wachiwili wake, anamukhululukila asanaime olo tsiku limodzi mu khoti. Pa 24 December 1992 George Bush wamkulu anakhululukila Caspar Weinberger, nduna yakale ya chitetezo, masabata ochepa mlandu wake wa Iran-Contra usanayambe, mlandu umene ukanatha kuonetsa zimene Bush mwini anali kudziwa.

Ndiye kuli Bill Clinton. Pa tsiku lake lomaliza, 20 January 2001, anakhululukila anthu 140, pakati pawo m'bale wake Roger wa mlandu wa cocaine, na wamalonda wina dzina lake Marc Rich. Rich anaimbidwa milandu mu 1983 yozemba msonkho wa madola opitilila 48 miliyoni na kugula mafuta ku Iran pa nthawi imene Iran inagwila anthu a ku America ukapolo. Sanayembekeze khoti, anathawila ku Switzerland, ndipo anakhala kumeneko zaka 17 ali pa mndandanda wa ofunidwa. Mkazi wake wakale anapeleka madola 450,000 ku laibulale ya Clinton, kuwonjezela pa ndalama zina zambili ku chipani. Dzina la Marc Rich mwina simulidziwa, koma kampani imene anayambitsa muidziwa bwino, maka-maka imwe amene muli na abale ku Kitwe na Mufulira. Atachokamo, mu 1994 inasintha dzina kukhala Glencore, ija imene inatenga Mopani mu 2000 na kuisiya mu 2021. Za Mopani sitingamuikile Rich, anali atachoka kale. Nakamba chabe kuti mudziwe kuti anthu amene alandila mapepala aya si a dziko lina lakutali losatikhudza.

Tsopano tibwelele kwa Trump, chifukwa iye watenga chizolowezi choipa ichi na kuchisandutsa nchito ya tsiku na tsiku. Anzake anali kudikila usiku womaliza, ngati munthu wotaya zinyalala mu ngalande anthu atagona. Iye achita masana.

Pa ulamulilo wake woyamba anakhululukila Michael Flynn, Paul Manafort, Roger Stone na Steve Bannon, onse anthu a kampeni yake olo alangizi ake. Anakhululukilanso Charles Kushner, apongozi a mwana wake Ivanka. Kushner anavomela mu 2004 milandu ya msonkho na kuopseza mboni: analipila mkazi kuti akope mlamu wake amene anali kuthandiza ofufuza, anajambulitsa vidiyo, na kuitumiza kwa mlongo wake weni-weni. Mu 2025 munthu ameneyu anakhala kazembe wa America ku France, wosankhidwa na Trump.

Pa 20 January 2025, tsiku loyamba atabwelela pa mpando, anakhululukila anthu pafupifupi 1,500 amene anaimbidwa milandu ya chipolowe cha pa 6 January 2021, pamene gulu linathyola nyumba ya malamulo kufuna kuletsa kutsimikizidwa kwa zotuluka mu masankho. Apolisi pafupifupi 140 anavulazidwa tsiku lija. Enrique Tarrio, amene anapatsidwa zaka 22, anatuluka. Stewart Rhodes wa zaka 18 anatuluka. Imwe a mu msika simufunika munthu wa digili kuti akufotokozeleni tanthauzo lake. Mudziwa zimene zichitika pamene anyamata a chipani, chilichonse chimene chili pa mpando, aphunzila kuti olo amenye munthu, olo amenye wapolisi, bwana adzawatulutsa. Ni chimene George Mason anaopa mu 1788.

Nkhani ya Trevor Milton ikanakhala yoseketsa kukanakhala kuti anthu sanataye ndalama zawo. Uyu anayambitsa kampani ya Nikola, ati apanga magalimoto aakulu osaseŵenzetsa dizilo. Anaonetsa vidiyo ya thilaki ithamanga pa msewu, anthu anathamangila kugula masheya. Pambuyo pake zinadziwika kuti thilaki ija sinali kuyenda na mphamvu yake, anaikokela pamwamba pa chitunda na kuisiya itsike yokha. Khoti inamupeza na mlandu wa chinyengo mu 2022, ndipo anapatsidwa zaka zinai. Mu October 2024 iye na mkazi wake anapeleka madola opitilila 1.8 miliyoni ku thumba la kampeni ya Trump. Mmodzi wa maloya ake anali m'bale wake wa Pam Bondi, amene Trump anamuika kukhala nduna ya zachilungamo. Mu March 2025 chikhululukilo chinafika, ndipo nkhani yobweza ndalama kwa amene ananamizidwa, imene oimila boma anali kufuna ikhale mahandiledi a mamiliyoni, inathela pomwepo. Pano pa msika, munthu akagulitsa foni ya sopo mkati mwa bokosi, mudziwa mwamene tsiku lake lithela.

George Santos ananama za masukulu ake, nchito zake na banja lake kuti asankhidwe, ndipo anaba ndalama za omuthandiza pa kampeni. Anzake mu nyumba ya malamulo anamuchotsa pa 1 December 2023, khoti inamupatsa miyezi 87, ndipo Trump anamutulutsa mu October 2025 asanakwanitse miyezi itatu. Mwezi womwewo anakhululukila Changpeng Zhao, mwini wa Binance, kampani ya ndalama za pa intaneti imene inavomela kulipila madola 4.3 biliyoni chifukwa chosatseka njila za ndalama zauve. Miyezi yochepa kumbuyo, malonda a madola 2 biliyoni olowa mu Binance anachitika na ndalama ya pa intaneti yopangidwa na kampani imene banja la Trump lili na gawo lalikulu. Atafunsidwa pa TV za Zhao, Trump anayankha kuti samudziwa. Ngati amudziwa, ananama. Ngati samudziwa, ndiye asaina mapepala a anthu amene sadziwa, ndipo tifunse kuti amene amubweletsela mapepala ni ndani ndipo alandila chani.

Yoipitsitsa ni ya Juan Orlando Hernández, pulezidenti wa Honduras kuyambila 2014 kufika 2022. Khoti ya ku New York inamupeza na mlandu mu 2024 wothandiza kulowetsa matani opitilila 400 a cocaine mu America, ndipo anapatsidwa zaka 45. Trump anamukhululukila, ndipo anatuluka pa 1 December 2025. Miyezi yomweyo, kuyambila September 2025, asilikali a America anali kuphulitsa timaboti pa nyanja pafupi na Venezuela na Colombia, ati tunyamula mankhwala osokoneza bongo. Pofika December anthu opitilila 80 anali ataphedwa, popanda khoti, popanda loya, popanda umboni woonetsedwa kwa anthu. Amene khoti inamva mboni na kumupeza wolakwa pa matani 400 ali ku ufulu. Imwe amene mukamba ati Trump asesa akawalala, nifotokozeleni apa mu makomenti, nili kumvela.

Ena adzakamba ati, iwe mwana, ndiye ufuna pasakhale chifundo? Iyai. Chifundo chifunika, chifukwa makhoti alakwitsa ndipo malamulo ena ni ankhanza. Jimmy Carter mu 1977 anakhululukila anyamata amene anakana kupita ku nkhondo ya ku Vietnam. Barack Obama anafupikitsa zilango za anthu 1,715, ambili a iwo opatsidwa zaka zoopsa pa milandu ya mankhwala yopanda chiwawa. Trump mwini mu 2018 anatulutsa Alice Marie Johnson, ambuya amene anakhala zaka 21 mu jele pa chilango cha moyo wonse pa mlandu wake woyamba, ndipo apo anachita bwino. Koma onani mwamene mai uja anatulukila: mpaka Kim Kardashian, wotchuka wa pa TV, anapita ku White House kukamupemphela. Nanga ena amene ali na nkhani yofanana koma alibe Kim Kardashian? Ali pa mzele uja wa mafomu.

Ndipo pasakhale munthu, wa chipani chilichonse, wotenga nkhani iyi kukadzitetezela nayo kuno. Mu May 2025 kazembe wa America, Michael Gonzales, analengeza kuti adula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pa chaka chifukwa mankhwala opatsidwa ulele anali kubedwa na kugulitsidwa mu mafamasi. Kuba kumeneko sikusanduka kwabwino chifukwa chakuti ku Washington nakonso kununkha. Amene anavutika ni wodwala wa pa kiliniki amene auzidwa ati kagule. Ine chimene nikana ni chizolowezi chathu chotenga America ngati sikelo yosanama, kuti chilichonse chochokela kumeneko ndiye mulingo. Sikelo nayo ifunika kuipima.

Angakonze bwanji? Pa boma lalikulu ni zovuta. Kuti achepetse mphamvu iyi afunika kusintha malamulo aakulu: magawo awili mwa atatu mu nyumba zonse ziwili, ndiponso maboma ang'ono 38 mwa 50 avomeleze. Chipani chilichonse chikalila chikakhala kunja, chikaloŵa chikhala chete, chifukwa nacho chifuna cholembela chija. Ndipo pa 1 July 2024 khoti yaikulu, majaji 6 kutsutsana na 3, inagamula kuti pulezidenti sangaimbidwe mlandu pa zimene achita na mphamvu zake zeni-zeni za udindo, ndipo kukhululuka inakutchula pakati pa mphamvu zimenezo.

Koma m'maboma ang'ono anthu a ku America omwewo anaonetsa kale kuti zitheka. Ku Georgia, anthu atatopa na mbili yakuti zikhululukilo zigulitsidwa, mu 1943 analanda mphamvu iyi kwa bwanamkubwa na kuipeleka ku bungwe lapadela. Mpaka lelo bwanamkubwa wa Georgia sangakhululukile munthu.

Ya ku Tennessee ndiye niikonda. Bwanamkubwa Ray Blanton, wa Democrat, anali kumaliza nthawi yake mu January 1979. A FBI anali atamanga kale anthu a mu ofesi yake pa mlandu wogulitsa zikhululukilo. Usiku umodzi, masiku ochepa asanachoke, Blanton anasaina mapepala a akaidi 52, ena a iwo opha anthu, ndipo panamveka kuti ena ali m'njila. Amene anapambana masankho, Lamar Alexander, anali wa Republican, ndipo tsiku lake lolumbila linali lisanafike. Atsogoleli a nyumba ya malamulo ya Tennessee anali a Democrat, chipani chimodzi na Blanton. Sanakambe ati ni munthu wathu, timuteteze. Anagwilizana na Alexander, ndipo pa 17 January 1979 madzulo anamulumbilitsa, masiku atatu nthawi isanakwane, kuti Blanton asasainenso pepala lina. Ofesi inatsekedwa usiku womwewo kuti mafaelo asatuluke. Blanton sanaimbidwe mlandu wa zikhululukilo, koma mu 1981 khoti inamupeza wolakwa pa kugulitsa malaisensi a moŵa, ndipo anakaloŵa jele.